Baji ya agogo yapezeka m'thiranki: bungwe lawo tingalidziwe bwanji?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare kuno ku Zimbabwe, wandilembera nkhani iyi. Agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nakhala mu Salisbury (Harare ya lero) moyo wawo wonse, zaka zambiri akusesa ndi kuperekera zakumwa pa holo ina ya azungu m'tauni. Anamwalira kalekale, koma thiranki yawo yatsegulidwa chaka chino, agogo aakazi atatsikira kulichete. M'katimo mwapezeka baji yachitsulo ya manja awiri ogwirana chanza, yokhala ndi zilembo zitatu, choyamba chofufutika, zotsalazo B ndi S. Mwapezekanso kabuku ka mayina a anthu ndi ndalama zolembedwa ngati 2/6, chithunzi cha amuna 14 ataima ndi mbendera, mmodzi atavala zoyera ngati dokotala, komanso mendulo ya mutu wa njati yolembedwa R.A.O.B. Azakhali ake akuti zonsezi n'zausatana, ziotchedwe. Iye akufunsa kuti agogo anali m'gulu lanji, nanga gululo angalifufuze bwanji.

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Ndisanalowe m'funso lanu ndikupemphani kuti thirankiyo isayandikire moto. Ngati azakhali sakupeza tulo chifukwa katunduyo ali m'nyumba, kamusungitseni kwa wachibale wina kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, koma pasatayike ngakhale kapepala kamodzi. Ndikunena izi mtima ukundiwawa. Zaka zapitazo ndinauzidwa za buku la bungwe lina la maliro lomwe linali m'nyumba ina ku Highfield, lodzaza mayina a anthu akwathu ndi midzi yawo. Ndinazengereza milungu iwiri. Pomwe ndinkafika n'kuti ana a m'nyumbamo atalitentha pa mapemphero, poganiza kuti linali la zamizimu. Mayina amenewo sanalembedwe pena paliponse.

M'thiranki mwanumo muli zinthu za magulu awiri osiyana, ndipo muyenera kuzilekanitsa m'maganizo mwanu. Mendulo ija ndiyo yosavuta. R.A.O.B. ndi chidule cha Royal Antediluvian Order of Buffaloes, gulu la amuna lomwe linayambira ku London mu 1822. Linali la anthu wamba a ku Britain, amisiri, asilikali ndi ena otero, amene ankakumana madzulo kumwa, kuimba ndi kusonkha ndalama zothandizira anzawo odwala ndi amasiye. Azungu pobwera kuno anabwera nalo pamodzi ndi magulu ena amtundu womwewo, ndipo lililonse lili ndi chizindikiro chake. A Freemason, amene azakhali akuwaopawo, chawo ndi sikweya ya amisiri omanga yopingasana ndi kampasi, nthawi zina pakati pali chilembo G. Cecil Rhodes mwiniwake analowa gulu limeneli ali pasukulu ku Oxford. Mukaona chisoti chachitsulo cha msilikali chili ndi kandulo pamwamba, amenewo ndi a MOTH, gulu la azungu obwera kunkhondo lomwe Charles Evenden anayambitsa ku Durban mu 1927. Unyolo wa mphete zitatu ndi zilembo F, L, T ndi wa Odd Fellows. Pa zonse mwatchula palibe sikweya, palibe kampasi.

Tembenuzani menduloyo muone kumbuyo. Nthambi za magulu amenewa, zomwe eni ake amazitcha lodge, zinkakhala ndi dzina ndi nambala, ndipo kawirikawiri zimenezi zinkazokotedwa pa mendulo pamodzi ndi dzina la wolandira ndi chaka. Ngati ndi yasiliva mupezapo tizidindo ting'onoting'ono: kamkango kakusonyeza kuti ndi siliva weniweni, nangula kuti inayesedwa ku Birmingham, mutu wa nyalugwe kuti ndi ku London, ndipo kachilembo kamodzi pambali pake kamatchula chaka. Musaipukute ndi mankhwala kapena phulusa, mungafafanize zomwe tikufunazo. Ine ndikuona kuti dzina lomwe mulipeze pamenepo ndi la mzungu. Mu Salisbury wa masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa ngakhale kugula mowa wachizungu mpaka 1957, tsono kukhala naye pa tebulo limodzi ngati m'bale wa m'gulu kunali kutali. Agogo anu ankagwira ntchito pa holo yomwe anthuwa ankakumaniramo. Mwina bwana wina pobwerera kwawo anawapatsa ngati chikumbutso, mwina inatsala posamuka. Ikutiuza kumene ankagwira ntchito, ndipo nambala ya nthambiyo ingakuthandizeni kuidziwa holoyo.

Baji, kabuku ndi chithunzi ndizo zawozawo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse.

Kumbukirani mmene makolo athu anafikira kuno. Oyambirira anayenda pansi milungu yambiri, kudutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kudzatulukira cha ku Mutoko. Ena pambuyo pake anakwera malole a Ulere, onyamula antchito mosalipiritsa, ena anabwera pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya, m'makhitchini a azungu ndi ku kanselo. Ambiri anali anyamata opanda mkazi, opanda mbale, opanda manda a makolo. Kumudzi munthu akamwalira mfumu imadziwitsidwa, adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa, mudzi wonse umagona pa siwa. Mu komboni ya pamgodi kapena mu lokeshoni ya Harari, yomwe lero timati Mbare, munthu wopanda omutola ankaikidwa ndi boma ngati wosowa mwini, popanda nyimbo, popanda wolemba kalata yokauza amayi ake. Matchona ankaopa zimenezi kuposa njala. Chimfine choopsa cha mu 1918 chitapulula anthu m'makomboni, mabungwe a maliro anachuluka kwambiri pakati pa anthu ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Paja maliro n'kulirana, ndipo poti abale kunalibe, anyamatawo anapangana ubale wa m'buku.

Mabungwewa ankatchedwa ndi dzina la boma la kwawo kapena la mtundu. Limodzi lodziwika bwino m'mbiri ndi Port Herald Burial Society, la anthu a ku chigwa cha Shire, poti Port Herald ndiyo Nsanje ya lero. N'chifukwa chake B ndi S wa pa baji yanu ndikumuwerenga kuti Burial Society, ngakhale angathenso kukhala Benefit Society kapena Benevolent Society, zomwe ntchito yake inali yofanana ndithu. Mabaji a apolisi a B.S.A.P. nawonso ali ndi zilembo zimenezi, koma kumeneko zimakhala kumayambiriro, pomwe pa yanu zili kumapeto. Chilembo chofufutikacho ndicho dzina la dera kapena mtundu. Musafulumire kuchilosera. Ikani bajiyo pa tebulo m'chipinda chamdima, muiunikire ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, kuwala kuziyenda chogona. Zilembo zoperepeseka zimaonetsa mthunzi wake mukatero. Ijambuleni kangapo mukusuntha tochiyo. Manja ogwirana chanza asakuopseni, ndi chizindikiro cha umodzi chomwe mabungwe a antchito ndi othandizana ankachikonda m'mayiko ambiri.

Bambo wovala zoyera uja wandisangalatsa. Mabungwe a masiku amenewo ankakonda maudindo otengera boma ndi usilikali: kunkakhala kingi, gavanala, jenerali, dokotala, nesi. M'bungwe la maliro dokotala sanali wobaya jakisoni, anali woyendera odwala n'kudzauza anzake. Maudindo omwewa ankapezekanso m'magulu a beni, gule wokondedwa ndi Ayao, ndi m'maboma a malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, momwe dokotala amayendera ovina kuona ngati achapa ndi kusita bwino. Choncho yang'anitsitsani chithunzicho. Ngati pansi pali ng'oma yaikulu, zikho zoimbira kapena wina ali ndi wezulo pakhosi, gululo linkavinanso. Sizachilendo kuti anthu omwewo Loweruka aike mnzawo m'manda, Lamulungu masana avine. Kumbuyo kwa chithunzi kungakhale chidindo cha wojambula ndi msewu wake. Mbenderayo ikulitseni pa foni, mwina dzina lonse la bungwe lili pamenepo.

Kabuku kaja ndiko kofunika koposa zonse za m'thirankimo. Kayenera kukuuzani kokha zaka zake mukakawerenga modekha. 2/6 ndi masheleni 2 ndi makobiri 6, ndalama zomwe zinatha ntchito dziko lino litayamba madola mu February 1970, ndiye masamba onse a masheleni ndi a m'mbuyo mwa chaka chimenecho. Ngati penapake mlembi wasintha n'kuyamba kulemba masenti, mwadziwa kuti bungwelo linali likadalipo mu 1970. Dzina loti Nyasaland linasiya kugwira ntchito pa 6 July 1964, ngakhale akuluakulu ena anapitiriza kulilemba mwachizolowezi. Salisbury anasanduka Harare mu 1982. Maboma a kumudzi muwapeza m'mayina akale: Ncheu, Mlanje, Cholo, Kota Kota, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, Fort Manning m'malo mwa Mchinji, Fort Jameson m'malo mwa Chipata. Kalembedwe nakonso kamaulula. Amene anaphunzira kusukulu za mishoni kale ankalemba cifukwa ndi caka popanda h, mpaka malamulo a kalembedwe ka Chichewa a mu 1973 atasintha zimenezi ku Malawi. Ku Zambia akulembabe choncho mpaka lero, ndiye mlembi wa c yekhayo angakhalenso Mchewa kapena Mngoni wa ku Chipata.

Kenako koperani mayina onse m'kope lina, ndi pensulo, mwandondomeko yake, ngakhale amene sakumveka. Onani amene akubwera koyamba pa tsamba lililonse, poti kawirikawiri amenewo ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Onani dzina lomwe likuleka kuoneka, kapena lomwe pambali pake pali kamtanda. Mwezi umenewo ndalama zotuluka zikhalapo: nsalu, matabwa a bokosi, galimoto, sitampa ya kalata yopita kumudzi. Ngati m'kabukumo mwatchulidwa Shamva, Gatooma (Kadoma ya lero), Que Que (Kwekwe) kapena Wankie (Hwange), ndiye kuti bungwelo linali ndi nthambi kapena mamembala ku migodi. Mukapezamo nambala ya buku la ku Post Office Savings Bank, ndiye kuti linali lokhazikika, losunga ndalama m'dzina lake. Agogo anuwo mwina simuwapeza ndi dzina lomwe mumalidziwa. Pa chitupa makalaliki a boma ankalemba zomwe amva, nthawi zina dzina la pantchito lopatsidwa ndi bwana, nthawi zina dzina la bambo wa munthu n'kukhala ngati la banja. Koma pakati pa anzawo ankalembedwa ndi dzina la kumudzi ndi mfunda wawo. Funsani azakhali kuti anzawo a agogo akabwera kunyumba ankawaitana kuti chiyani.

Kabukuko musakamate ndi selotepi, musakakutire ndi pulasitiki wa pamakina otentha. Jambulani tsamba lililonse masana pamthunzi, zithunzizo mutumize kwa achibale awiri kapena atatu, kenako kakulungeni m'pepala loyera kakhale pouma.

Mukatha zimenezi musathamangire ku maofesi. Mapepala a boma adzakudikirani chaka chamawa, koma amene anaona bungweli ndi maso awo ali ndi zaka 80 kapena kuposerapo, ndipo akutha mwezi ndi mwezi. Sindikizani chithunzi chija chachikulu, chenichenicho chitsale kunyumba, mupite nacho komwe akuluakulu akwathu amasonkhana. Yambani ndi mipingo ya CCAP ya ku Mbare ndi Highfield. Mpingo umenewu kuno unayamba chifukwa cha matchona omwewa, pamene mbusa T.C.B. Vlok anabwera ku Salisbury mu 1912 kudzawatumikira, ndipo sinodi ya kuno inalowa mu CCAP mu 1965. Pitaninso ku mizikiti ya m'malokeshoni akale, chifukwa mabungwe ena ankasakaniza Akhristu ndi Asilamu a boma limodzi, ndipo mashehe achikulire amadziwa mabanja ambiri. Ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa ndi ku Epworth kulinso akwathu ochuluka.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukafika n'kunena kuti kodi mukudziwa bungwe lakutilakuti, gogo adzangoti ayi mwanawe, ndaiwala. Apatseni chithunzi m'manja, mukhale pansi, mufunse kuti bambo awa ndani, nanga awa ankakhala mbali iti. Nkhope imakoka dzina, dzina limakoka msewu, kenako mudzamva kuti aa, awa ndi aja ankasunga ndalama za sosaiti ya Angoni, tinkakumana kwawo Lamulungu loyamba la mwezi. Ine ndapindula kwambiri ndi amayi kuposa abambo. Pa chithunzi amaima amuna, koma ophika pa maliro, osoka mbendera ndi malamba, ndiponso osunga mabuku amuna atamwalira anali amayi. Afunseni nyimbo yomwe inkaimbidwa ponyamula bokosi. Munthu amene waiwala dzina la bungwe amatha kuiimba nyimboyo yonse, dzinalo lili m'katimo. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo musapite chimanjamanja, kashuga ndi buledi ndi ulemu wathu.

Pamenepo mukhala muli ndi dzina kapena mayina awiri oti muyesere, ndipo ulendo wa ku National Archives of Zimbabwe, ku Gunhill m'mbali mwa msewu wa Borrowdale, ukhala waphindu. Bungwe losunga zolembedwa zakale za dziko limeneli linakhazikitsidwa mu 1935. Tengani chitupa chanu, kope ndi pensulo. Muziganiza ngati kalaliki wa atsamunda pofufuza, chifukwa mawu oti Malawi kapena Chewa sakufikitsani patali. Iwo ankatilemba kuti Nyasaland natives, alien natives kapena northern natives, ndipo mabungwe athu ankawaika pansi pa burial societies kapena native associations. Mafayilo oyenera kupempha ndi a Chief Native Commissioner, a Native Commissioner wa Salisbury, malipoti a chaka ndi chaka a nthambi ya kanselo yoyang'anira malokeshoni, ndi a apolisi a CID. Apolisiwo ankalemba zambiri chifukwa cha mantha. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anali atayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, Robert Sambo, nayenso wa ku Nyasaland, analibweretsa kuno mpaka anathamangitsidwa mu 1927, ndipo chaka chomwecho antchito a pa mgodi wa Shamva, ambiri a iwo akwathu, ananyanyala ntchito. Kuyambira pamenepo gulu lililonse la anthu a ku Nyasaland lokhala ndi mlembi ndi thumba la ndalama linkayang'anitsitsidwa. Powerenga malipoti amenewa muzikumbukira kuti wolembayo ankafuna chiwembu, ndiye nthawi zina ankachiona pomwe panali maliro chabe. Tengani mayina, masiku ndi malo, koma maganizo ake muwayese ndi zomwe agogo a ku Mbare akuuzani.

Manyuzipepala a anthu akuda ndiwo okoma kuwerenga: Bantu Mirror, African Weekly, African Daily News yomwe boma linaitseka mu 1964, magazini ya Parade, ndi Bwalo la Nyasaland yomwe inkasindikizidwa mu Salisbury momwe muno. Alembi a mabungwe ankakonda kutumiza tinkhani ta zisankho, ta maphwando a tiyi osonkhetsera ndalama m'maholo ngati Stodart ndi Mai Musodzi, ndi mawu othokoza amene anabwera pa maliro. Poti kabuku kanu kakupatsani zaka, simudzafunika kutsegula mitolo yonse. Buku la Zoe Groves la mu 2020 lonena za kusamuka kwa Amalawi kubwera ku Zimbabwe kuyambira 1900 mpaka 1965 lingakutsogolereni bwino pa mbiri yonseyi. Mukadzapita kumudzi, ku Zomba kulinso nyumba ya zolembedwa zakale ya dziko la Malawi. Ku manda a Pioneer ndi a Warren Hills nakonso yendaniko ndi mndandanda wanu, miyala ina imatchula mudzi ndi boma la malemu.

Mukapanda kulipeza m'mafayilo musaganize kuti mwalakwitsa. Mabungwe ambiri sanalembetse ku boma, ndipo panali zifukwa zobisira mapepala. Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa oyambitsa gulu la ndale la achinyamata la City Youth League mu Salisbury mu 1955, anabwezedwa ku Nyasaland mu 1956, ndipo mu 1959 boma litaletsa zipani za Congress, munthu wochokera kumpoto wopezeka ndi kaundula wa mayina ankatha kukwezedwa sitima. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963 ambiri anabwerera kwawo, mabuku ena anapita nawo. Kenako panabwera lamulo la unzika la mu 2001 lomwe linasiya ana obadwira kuno akutchedwa alendo, mabanja ena n'kusintha mayina ndi kuleka kulankhula Chichewa pabwalo. Mafamu atalandidwa kuyambira 2000 makomboni anabalalika, Murambatsvina wa mu 2005, ntchito ya boma yophwasula nyumba zomwe linati n'zosaloledwa, anagwetsa tinyumba momwe munali mathiranki ngati anuwa, ndipo kugwa kwa ndalama kwa mu 2008 kunapha mabungwe omwe anali atapirira zaka zonsezo, poti zosonkha za moyo wonse zinasanduka zosagula ndi buledi yemwe. Kabuku kanu kadutsa m'zonsezi. N'kutheka ndithu kuti ndiko kokha katsala pa bungwe limenelo, ndipo ngati zili choncho a ku Archives angakondwe kusunga zithunzi zake.

Pali gulu lina lomwe anthu amafulumira kuliganizira akamva za chinsinsi cha agogo a ku Malawi, ndilo la Gule Wamkulu, limene anzathu achishona amati zvigure. Ilo linalipo ndipo lilipobe m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni, ndipo UNESCO inalilemekeza mu 2005. Koma gule sayendera baji kapena buku la masheleni, zake zimasungidwa kudambwe ndi m'mitima ya olowa. Zomwe mwapezazi si za kumeneko. Ngati pofufuza mumva kuti agogo analinso a gule, zomwe zingatheke poti munthu mmodzi ankakhala m'magulu angapo, funsani zapoyera zokha: bwalo linali kuti, mwini mzinda anali yani, ankavina pa maliro a yani. Zam'katizo zisiyireni eni ake, ndipo musaziike pa Facebook.

Azakhali musakangane nawo. Mantha awo ali ndi pochokera, anakula nthawi yomwe kukhala Mnyasa kunali konyozeka, ndipo zinthu za kwathu zambiri zinkatchedwa zaufiti. Akhazikeni pansi, muwaonetse tsamba limodzi la kabukuko pomwe palembedwa nsalu ndi bokosi, muwawerengere mayina pang'onopang'ono. Ena mwa mayinawo awadziwa, chifukwa anali abambo omwe ankabwera kunyumba kwawo iwo ali kamtsikana. Kenako muwafunse za tsiku lomwe agogo aamuna anaikidwa: anagula bokosi ndani, ananyamula ndani, panali mbendera kodi, nanga amayi amene anaphika usiku wonse anachokera kuti. Ngati bungwelo linali likadali moyo chaka chimenecho, linabwera pa maliro amenewo, ndipo azakhali analiona ndi maso awo. Kope lanu likhale pafupi pamene akuyankha.